Madzi atsopano mu jacuzzi: zolemba zanga za masabata atatu ku Magaliesburg

Lolemba, sabata yoyamba ya Juni

Lero ndakhuthula madzi onse mu hot tub, bafa lalikulu la madzi otentha, ya panyumba ya alendo imene ndimagwirapo ntchito. Kuno aliyense amangoitchula kuti jacuzzi, choncho inenso nditero. Ndagula kabuku kolembamo chilichonse chimene ndikuthira, chifukwa ulendo wapitawu ndinalakwitsa zinthu ndipo sindikufuna kubwereza.

Ambiri a ife kuno ku Joni timagwira ntchito ya m'dimba ndi yosamalira pool. Tsiku lina abwana amangokuuza kuti uziyang'aniranso jacuzzi, basi, osakufotokozera kanthu. Ine ndinaitenga ngati pool yaing'ono. Ndinkathira HTH, kolorini wa ufa wa mu pool, ndi kapu yomwe ija ndimathirira mu pool, n'kuponyamonso ka floater, kachibekete koyandama ka ma tablet a kolorini. Pasanathe mwezi, mapilo otsamira anali atasuluka, madzi atachita mbuu, ndipo m'mbali munkamveka kukakala ukagwira ndi chala.

Chimene sindinkachiganizira ndi kuchuluka kwa madzi. Pool yathu ndi ya malita pafupifupi 50,000 a madzi ozizira. Jacuzzi ndi malita 1,400 okha, otentha madigiri 38. Anthu anayi akalowamo, aliyense ali ndi malita 350. Kuti pool ija ithinane chimodzimodzi, mungafunike kulowa anthu oposa 140 nthawi imodzi, onse akutuluka thukuta. Madzi ochepa otentha chonchi sachedwa kusintha, ndipo supuni imodzi yopitirira muyeso imaonekera pompo.

Ndisanakhuthule ndinachotsa fyuluta, n'kuthira mankhwala otsuka mapaipi m'madzi akale aja, ma jet n'kuwasiya akulira pafupifupi ola. Zimene zinatuluka zinandichititsa nseru: thovu lofiirira, lonanda, lomata m'mbali ngati phula. Ndi litsiro lamoyo limene limamera m'kati mwa mapaipi, ndipo kolorini wa masiku onse amangolinyambita pamwamba osalipha. Ukathira madzi atsopano usanalichotse, likhala likudya mankhwala ako usiku ndi usana. Ndinalipukuta likadali lonyowa, chifukwa likauma silichoka msanga.

Magetsi ndinazimitsa pa isolator, switch yaikulu ya jacuzzi, ndisanatsegule potulukira madzi. Hita ikayaka mopanda madzi imapsa.

Lachiwiri

Fyuluta inagona m'chidebe cha mankhwala ake usiku wonse. M'mawa ndaitsukuluza mpaka thovu kutheratu.

Podzaza, paipi ndinailowetsa m'dzenje la fyuluta, osati kungoiponya pakati. Madzi akalowera kumeneko amakankha mpweya m'mapaipi, apo ayi pampu imangolira koma osakoka madzi.

Panyumba pano pali madzi amitundu iwiri: a borehole amene timathirira kapinga ndi kudzazira pool, ndi a pampopi amene amapita kukhitchini. Ndinadzaza ndi a borehole monga mwa nthawi zonse. Atazungulira kwa theka la ola ndinayeza ndi timadontho ta mankhwala oyezera madzi, osati timapepala tokha. Alkalinity 240. Calcium 320. pH 7.7.

Manambala amene ndikufuna, omwenso alembedwa m'buku la jacuzzi yathu, ndi awa: alkalinity pakati pa 80 ndi 120, pH pakati pa 7.2 ndi 7.6, calcium pakati pa 150 ndi 250, ndipo kolorini pakati pa 3 ndi 5. Kupatula pH, onsewa ndi ma ppm, kutanthauza mamiligalamu pa lita imodzi.

Apa m'pamene ndinamvetsa gwero la kukakala kuja. Dera lino lili pamwamba pa miyala ya dolomite, ndipo madzi ochokera pansi amatuluka atasungunula laimu wambiri. Aliyense amene anasuzumirapo m'ketulo yophikira madzi oterewa akudziwa zoyera zimene zimauma pansi pake. Hita ya jacuzzi ndi ketulo yomweyo. Ndiye ine pamwamba pake ndinkawonjezera HTH, yemwe ndi calcium hypochlorite: ppm imodzi iliyonse ya kolorini imene amapereka imasiyanso pafupifupi 0.7 ya calcium m'madzi. Mu pool yaikulu sizionekera msanga. Muno zinaonekera.

Alkalinity umatha kuitsitsa ndi asidi. Calcium ayi, palibe ufa umene ungathire kuti ichoke. Njira yake ndi kusungunula ndi madzi ofewa. Ndinayeza a pampopi: zonse ziwiri zinali cha m'ma 70. Ndinapita kwa abwana n'kuwaonetsa kabukuka. Poyamba anadandaula za bilu ya madzi, koma nditawakumbutsa mtengo wa hita yatsopano anavomera. Ndakhuthula theka, n'kudzaza ndi a pampopi. Madzulo ano: alkalinity 155, calcium 195. Calcium yakhala bwino popanda kuthira kanthu.

Lachiwiri lomwelo, usiku

Pali chinthu chimodzi chimene anthu amasokonezeka nacho. Amati yamba ndi alkalinity, kenako pH, kenako calcium, kolorini pamapeto. Ndondomekoyo ndi yoona, koma ikunena za tsiku limodzi. Madzi ako akakhala ovuta ngati angawa, oti kukonza alkalinity kutenga masiku awiri kapena atatu, sungawasiye akufunda opanda mankhwala opha tizilombo. Choncho ndathira asidi koyamba, ndadikira ola, ndayezanso pH, kenako ndathira kolorini.

Kolorini wake ndi wa dichlor, wa timibulu tosungunuka msanga, amene mphamvu yake ndi 56 peresenti. Kuwerengera kwake n'kosavuta: magalamu 1.8 amakweza malita 1,000 ndi ppm imodzi. Madzi atsopano ndimafuna ayambe ndi 10, ndiye pa malita 1,400 ndayeza magalamu 25. Ndagula kasikelo ka kukhitchini ka ntchito imeneyi yokha. Ndinasungunulira m'ndowa ya madzi ofunda, kuyamba madzi kenako ufa, n'kuthira pang'onopang'ono pampu ikuyenda. Chivundikiro ndinachisiya chotsegula kwa theka la ola kuti mpweya wa mankhwala usadye kunsi kwake.

pH iyezedwe kolorini wochuluka asanalowe. Akachuluka, timadontho tofiira tija timasanduka tapepo n'kukunamiza kuti pH yakwera kwambiri.

Lachitatu

Kunja kwagwa chisanu, kapinga wayera. Madzi analowa ali pa madigiri 12. Hita yathu ndi ya 3 kW, ndipo nditawerengera ndapeza kuti pafunika maola pafupifupi 14 kuti afike pa 38, chivundikiro chili chotseka. Popeza ndikutsegulatsegula, ndaiika kaye pa 30.

Tsiku lonse lathera pa alkalinity, ndipo ndikufuna ndifotokoze bwino chifukwa apa m'pamene ambiri timagwa mphwayi. pH ndi imene imakuuza ngati madzi ali kumbali ya asidi kapena ayi. Alkalinity ndi mphamvu imene imaigwira pH kuti isamangoyendayenda. Ikachepa kwambiri, pH imagwa kapena kukwera ndi kanthu kakang'ono. Ikachuluka, pH imangokwera, uitsitse lero mawa yabwerera. Mu jacuzzi vutoli limakula chifukwa cha ma jet. Mpweya umene amawinduka nawo umatulutsa carbon dioxide m'madzi, monga mmene botolo la Fanta limathera gasi ukalikhutchumula, ndipo gasiyo akachoka pH imakwera.

Chodabwitsa n'chakuti vuto lomwelo ndi limene limakuthandiza. Asidi amatsitsa zonse ziwiri, pH ndi alkalinity. Mpweya umakweza pH yokha. Ndiye umathira asidi pang'ono, pH itsike kufika cha pa 7.2, kenako umatsegula ma jet ndi mpweya wonse mpaka pH ibwerere cha pa 7.8 kapena 7.9. Alkalinity imatsalira pansi pomwe asidi anaisiya. Ukatero umabwerezanso.

Ndikugwiritsa ntchito asidi wa ufa, sodium bisulphate, amene pa chigubu analemba kuti pH minus. Pool acid wamadzi uja ndi waukali kwambiri pa madzi ochepa chonchi, ndipo dontho lake likagwera pa chivundikiro kapena pa thabwa limasiya chipsera. Magalamu pafupifupi 25 a ufawu amachotsa 10 pa alkalinity ya malita 1,000, ndiye ine ndikuthira 35 ulendo uliwonse. Ulendo woyamba pH inachoka pa 7.9 kufika pa 7.3. Pakati pa maulendo ndikudikira pafupifupi ola ndi theka, n'kumakagwira ntchito zina.

Mtima unkandiuza kuti ndingothira magalamu 200 nthawi imodzi ndithane nazo. Ndikanatero pH ikanagwa pansi pa 7 kwambiri, ndipo madzi otere amadya chitsulo cha hita ndi mphira wa pampu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pofika madzulo, maulendo anayi lero kuphatikiza wa dzulo uja: alkalinity 105.

Lachinayi

Maulendo ena awiri. Alkalinity 85, pH 7.5 ndipo yakhazikika ngakhale ma jet atayenda mphindi 20. Ndaimira pamenepa. Buku limalola mpaka 120, koma ndaona ndi maso anga kuti pa jacuzzi ya mpweya wambiri ngati iyi, kukhala kumunsi kwa muyesowo n'kumene kumapatsa mtendere.

Kolorini wa Lachiwiri uja anatsika kufika pa 6 Lachitatu usiku, lero m'mawa 4. Kutsika pang'onopang'ono kotere mopanda munthu wolowamo n'chizindikiro chakuti mapaipi ayera. Akanathera usiku umodzi, ndikanadziwa kuti litsiro lija likadalimo.

Paketi ya soda imene ndinagula sindinaitsegule n'komwe. Inde, mankhwala amene amagulitsa m'chigubu chokongola kuti alkalinity increaser ndi sodium bicarbonate, soda yemwe uja amayi amathira mu therere. Achimwene ena a kumudzi kwathu amene amagwira ntchito ngati yangayi ku Cape Town anandiimbira pa WhatsApp usiku. Kwawoko madzi ndi ofewa, vuto lawo ndi losiyana ndi langa.

"Achimwene, ine pH yanga imangogwa, ndikathira pH plus mawa yakwereratu. Nditani?"

Ndinawafunsa ngati anayezapo alkalinity. Anati ayi, amangoyang'ana pH ndi kolorini. Atayeza anapeza 40, calcium 50, pa jacuzzi ya malita 1,000. Ndinawauza kuti magalamu 17 a soda amakweza 10 pa malita 1,000, choncho kuti afike pa 90 akufunika magalamu 85, koma agawe pawiri n'kuyeza pakati. Calcium akweze tsiku lotsatira ndi calcium chloride, pafupifupi magalamu 15 pa 10 iliyonse. Asathire ziwirizi nthawi imodzi, madzi amasanduka ngati mkaka. Ndinawachenjezanso kuti calcium chloride amatentha akamasungunuka, ndowa imafunda m'manja.

Anaseka n'kunena kuti zaka ziwiri zonsezi ankangolimbana ndi pH. Safunsa anadya phula, ndipo inenso ndinalidya mpaka mwezi wathawu.

Lachisanu

Madigiri 38. Ndatsekera makina kuti asapitirire 40, chifukwa kupyola apo n'koopsa pathupi la munthu. Kolorini 4, pH 7.5. Alendo oyamba afika madzulo, banja la anthu awiri.

Achemwali amene amakonza m'zipinda, nawonso a kwathu, anandipeza ndikulemba manambala n'kundifunsa kuti, "Koma achimwene, madzi oyera mbee chonchi, mukuvutikiranji kuyeza kawiri patsiku?"

Funso limeneli ndi limene landichititsa kusamala ntchitoyi. Madzi oyera m'maso sindiye kuti ndi abwino. Tonse a ku Malawi tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, pamene madzi ooneka bwinobwino ankafunika kuthiridwa kolorini anthu asanamwe. Mu jacuzzi adani ake ndi ena. Pali Pseudomonas, kachilombo kamene kamalowa m'timabowo ta pakhungu n'kutulutsa totupa tofiira toyabwa, makamaka mmene munakhudza chovala chosambira. Ndiye pali Legionella, amene amaswana m'madzi ofunda a pakati pa madigiri 20 ndi 45. Ameneyu sufunika kumwa madziwo kuti udwale. Umangopuma timadontho timene ma jet amamwaza m'mwamba, n'kudwala chibayo choopsa. Dzina lake linachokera ku msonkhano wa American Legion ku Philadelphia mu 1976, kumene matendawa anadziwika koyamba. Mu 1999, pa chionetsero cha maluwa ku Bovenkarspel m'dziko la Netherlands, jacuzzi imene ankangoionetsa kwa ogula, yopanda mankhwala, inadwalitsa anthu oposa 100 ndipo oposa 20 anamwalira. Anthuwo sanalowemo. Anangodutsa pafupi.

Ndipo munthu amene amatsegula chivundikiro m'mawa uliwonse, nkhope ili pa nthunzi, ndine. Achemwali aja anangoti zii, kenako anati ndiziwauza nthawi yotsegula kuti asamayanike matawulo pafupi.

Lamlungu

Alendo apita. Analowa kawiri, ndipo ulendo uliwonse kolorini ankagwa kuchoka pa 4 kufika pa 1. Ndaphunzira kuthira akangotuluka, osati kudikira m'mawa. Magalamu 7 kapena 8 amabweza 3.

Lachitatu, sabata yachiwiri

Magetsi anazima kwa maola asanu usiku. Pampu sinayende. M'mawa kolorini anali pa 2, madzi pa madigiri 35. Ndathira, ndayendetsa ma jet onse kuti mankhwala afike m'paipi iliyonse. Palibe chaonongeka.

Loweruka, sabata yachiwiri

Gulu la anthu asanu, ndipo anakhalamo nthawi yaitali. Usiku ndinapeza thovu lofika m'khosi, madzi atachita mbuu, ndi fungo lamphamvu loboola m'mphuno. Kale ndikanati kolorini wachuluka. Ndinayeza: free chlorine (amene akadali ndi mphamvu) 0.5, total chlorine (yense pamodzi) 2.5. Kusiyana kwa manambala awiriwa ndi kolorini amene wagwirana ndi thukuta ndi mkodzo, wotopa, wongonunkha ndi kuyabwa m'maso. Fungo lija limatanthauza kuti mankhwala achepa.

Ndathira magalamu 25 a dichlor, chivundikiro chotsegula, ndipo ndaika chikwangwani kuti asalowe mpaka nditayeza m'mawa. Thovu limachokera ku mafuta odzola ndi sopo wa ufa wotsalira m'zovala zosambira. Pashelefu pali kabotolo kochotsera thovu, koma ndikuona kuti kamangobisa vuto kwa maola ochepa. Thovulo ndinalichotsa ndi ukonde, n'kutsuka fyuluta. Inali yamafuta ngati mbale yodyera nyama.

Ndapempha abwana kuti tiike kachikalata m'chipinda chilichonse kopempha alendo kuti asambe kaye, ndiponso kuti tigule fyuluta yachiwiri yosinthira. Avomera zonse.

Lolemba, sabata yachitatu

Madzi anayeranso Lamlungu masana, ndipo ndinatsegulira alendo kolorini atatsika kufika pa 5.

Lero ndakonza m'kachipinda kosungira mankhwala. Asidi anali pashelefu imodzi ndi kolorini. Ziwirizi zikakumana zimatulutsa gasi wopha, ndipo HTH akasakanikirana ndi ma tablet a trichlor amatha kuyaka. Tsopano chilichonse chili ndi malo ake, supuni yake, ndipo za pool ndazilekanitsa ndi za jacuzzi. Ma tablet aja ndawachotseratu kuno. Ndi asidi wamphamvu, pH yake ndi cha pa 3, ndipo m'madzi otentha amasungunuka mofulumira kwambiri. Ndi amene anasulutsa mapilo.

Lachinayi, sabata yachitatu

Kabukuka kandiululira chinthu chimene maso sakanaona. Dichlor amabwera ndi stabiliser, cyanuric acid, amene amateteza kolorini ku dzuwa. Pa ppm 10 zilizonse za kolorini amasiya pafupifupi 9 za stabiliser, ndipo ameneyu satha, amangowunjikana. Akachuluka kolorini amachita ulesi: pepala loyezera likuonetsa 4 koma kupha tizilombo akuchedwa. Jacuzzi yokhala chivundikire sifunika stabiliser wambiri.

Ndaphatikiza zonse zimene ndathira kuyambira tsiku lodzaza: magalamu 140. Pa malita 1,400 ndi ppm 56 za kolorini, kutanthauza stabiliser wa cha m'ma 50. Ndinatenga madzi m'botolo kupita nawo kusitolo ya mankhwala a pool ku Krugersdorp, ndipo makina awo anapeza nambala yoyandikira yomweyo. Masabata atatu okha! Amene amati madzi azisinthidwa pa miyezi itatu kapena inayi akunena za banja limene limalowa mwa apo ndi apo. Panyumba ya alendo, pomwe anthu osadziwana amasinthana m'madzi omwewo, sizingatheke. Ku Britain, malangizo a 2017 a HSE, bungwe la boma loona za chitetezo pa ntchito, otchedwa HSG282 amati jacuzzi yamtundu uwu yobwereketsa kwa alendo izisinthidwa madzi sabata iliyonse kapena gulu likachoka. Abwana atamva anagwira pakamwa. Sitinagwirizane kufika pamenepo, koma avomera kuti tizikhuthula pakatha masabata atatu, ndiponso nthawi iliyonse pakachoka gulu lalikulu ngati la Loweruka lija.

Pa masiku otsalawa ndasiya dichlor. Ndikuthira kolorini wamadzi wa kusitolo ya pool, sodium hypochlorite, amene alibe stabiliser kapena calcium. Wathuyu ndi wa 12 peresenti, ndiye mamililita 12 amakweza ppm imodzi pa malita 1,400. Jik wonunkhiritsa wochapira zovala ayi, zimene amawonjezeramo zimabweretsa thovu. Popeza dichlor ankathandiza kugwetsa pH pang'ono, tsopano ikukwera msanga. Lero ndathira magalamu 10 a pH minus.

Mkulu wa kusitolo uja anandilangiza kuti tiyese bromine. Amapirira kutentha, sagonja msanga pH ikakwera, ndipo ngakhale atagwirana ndi thukuta amapitiriza kupha tizilombo. Muyeso wake ndi 4 mpaka 6. Ndi wodulirapo, ndipo ma tablet ake okha amachedwa kugwira pa madzi atsopano pokhapokha utayamba ndi sodium bromide n'kumudzutsa ndi shock, kutanthauza kolorini wambiri wothira nthawi imodzi. Ndikuona kuti angatithandize masiku amene ine ndili pa off, chifukwa amatuluka pang'onopang'ono yekha.

Lachisanu, sabata yachitatu

Alkalinity 80, pH 7.5, calcium 200, kolorini 4. M'mbali muli see, palibe kukakala.

Tikhuthula Lolemba alendo a weekend akachoka. Ulendo uno ndidzaza theka la borehole ndi theka la pampopi kuyambira pachiyambi, ndipo ndayeza kale magalamu 35 a asidi m'timapaketi tisanu ndi tiwiri. Sodium bromide ndi ma tablet afika dzulo, ndawaika pashelefu yawoyawo. Chatsala ndi timadontho toyezera bromine, ndikatenga mawa m'mawa ndisanayambe kutchetcha kapinga.